Mpando Wotsala m'Kombi ya ku Tete

Pakomboni yonse ya pafamu ina kufupi ndi Marondera, malo okhawo amene foni inkagwira bwinobwino anali pamwamba pa chulu cha kuseri kwa mabani owotcheramo fodya. Anthu ankangochitchula kuti chulu cha netiweki. Udzu unaleka kumerapo kalekale, poti mapazi a anthu osowa abale awo anali atapapondaponda mpaka kuuma gwaa. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Tecla ankakwera pamenepo n'kukweza foni m'mwamba, kudikira kuti mayi ake aimbe.

Tsiku limenelo kunali mphepo ya mu Juni, ija yolowa mpaka m'mafupa.

"Mayi, mukundimva?"

"Ndikukumva, mwanangu. Wadya?"

"Ndadya. Mayi, ndasunga fote dhora. Yatsala twente basi kuti ndilipire mpando."

"Wachita bwino. Usadandaule, Mulungu sagona. Ricardina ali pano akuthamangitsa anapiye. Wakula, ukamuona sungam..."

Mawu anaduka. Tecla anasuntha, anazungulira, anatambasula mkono mpaka phewa kuwawa, koma netiweki inali itathawa. Anakhala pansi n'kukumbatira mawondo ake. Anawasowa kwambiri mayi ake tsiku limenelo.

Mayi Luiza anabwerera kwawo ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambiki, bambo a Tecla atamwalira. Anapita kukadwazika agogo, ndipo anatenga Ricardina, mng'ono wake wa Tecla, ali mwana wakumsana. Tecla anatsala ndi azakhali ake, Tiya Francisca, kuti atsirize sukulu. Tsopano iye anali mu Fomu 4, Ricardina anali atayamba kulankhula, koma awiriwo ankangodziwana pa zithunzi za pafoni.

Njira yokafikira kumeneko inalipo. Chaka chilichonse mu Ogasiti, fodya akagulitsidwa ndipo sukulu zikatsekera, Tiyu Luis, mkulu woyendetsa thirakita pafamupo, ankachita hayala kombi yonyamula mabanja a ku Tete. Inkadzera ku Mutoko n'kukawoloka malire pa Nyamapanda. Mpando umodzi, kupita ndi kubwera, unali madola 60. Tecla anali ndi 40 amene anawapeza pothyola mapizi, nsawawa zija, patchuthi cha Epulo, ndipo anawasunga mufoni kuti asamawaone ndi maso. Tiyu Luis anali atamuuza poyera kuti amusungira mpando mpaka tsiku lotsekera sukulu, likapita limenelo asadzamunene. Koma mapizi anali atatha, ndipo malipiro a Tiya Francisca ankathera ku ufa ndi ndalama za mayeso.

Tecla ali chikhalire choncho tsiku lija, pachulupo panakwera Forget, mwana wa Tiya Francisca, amene ankasankha fodya kushedi. Anali mnyamata wa mtima wabwino, koma m'thumba mwake ndalama sinkagonamo kawiri.

"Ko sisi, nkhope yagwa bwanji? Ndi twente dhora yomwe ija?" anafunsa akuseka. "Imeneyo ndi mari ya wikendi imodzi, iwe."

Anakhala pambali pake n'kumuonetsa tsamba lobetchera mpira. Panali mayina a matimu ndi manambala ambirimbiri obiriwira, osinthasintha ngati ali ndi moyo.

"Juga ayi, mukoma," anatero Tecla, poti ndi momwe ankamutchulira ngati achimwene ake. "Tiya akamva andisenda khungu."

"Iyi si juga, ndi masamu. Si ndiwe shasha ya masamu kusukulu kwanu? Tarisa apa, ona. Zoti wina awina kapena alepherana, zisiye. Funso ndi limodzi: pamasewerawa pagoletsedwa zigoli zitatu kupita m'tsogolo, kapena sizifika zitatu? Mbali ziwiri basi, palibe yachitatu."

"Nanga 1.85 ameneyu n'chiyani? Walembedwa uku, walembedwanso uku."

"Amenewo ndi maodzi, ndiwo mtengo wake. Ukaika dhora n'kuwina, akubwezera dhora ndi masenti 85."

Tecla analingalira. Mbali ziwiri, mtengo wofanana: zinali ngati kuponya khobidi m'mwamba. Akamaika pang'onopang'ono pamasewera ambiri, theka awina, theka aluza, ndalama yake izingozungulira pamalo amodzi. Mwayi ukangopendekera kwa iye pang'ono, madola 20 aja apezeka. Anafunsa mafunso ambiri, ena mpaka Forget kukanda mutu. Koma funso limodzi lokha, loti n'chifukwa chiyani mtengowo unali 1.85 osati 2, silinamubwerere. Poti ana saloledwa kubetcha, Forget anatsegula akaunti m'dzina lake pafoni ya Tecla.

Mpira wa ku Ulaya unali patchuthi, koma patsambalo mpira sunkatha. Kunali matimu a kumayiko amene mayina ake Forget ankawatchula ngati akutafuna chimanga chokazinga. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa awiriwo amene anaonapo osewerawo. Ankangoyang'ana manambala, kudikira kuti ziro asanduke wani.

Loweruka loyamba zinayenda. Foni inathwanima, inamuyamikira ndi zithunzi za nyenyezi, ndipo madola 40 anasanduka 44. Madzulo amenewo Tecla ankatsuka mbale akuimba. M'maganizo anali atawoloka kale Nyamapanda, atatsika kombi, mayi ake akubwera chothamanga, kapulana, chitenje chawo chija, ikukwekwereka pansi. Ankamva ngakhale fungo lawo la utsi ndi sopo wobiriwira. Tiya Francisca anamuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, wapeza chibwenzi kapena?"

Lamlungu lotsatira, mayi ake anaimba masewera ena atatsala pang'ono kutha, pakufunika chigoli chimodzi. Dzina loti "Mayi" linaphimba manambala aja. Tecla anadula foni, akudziuza kuti aimba yekha masewera akangotha. Chigoli sichinabwere, ndipo pofuna kubweza ndalamayo anaikanso pamasewera ena mpaka deta inatha. Lamlungu linalo anayankha, koma maso ali kwina.

"Mwanangu, ndili ndi nkhani yoti ndikuuze."

"Mudzandiuza, mayi. Ndili bize ndi zakusukulu, ndikuimbirani."

Sanaimbe. Masabata otsatira sankayankha n'komwe, chifukwa ankaopa funso limodzi: fote ija ikadalipo?

Chomwe chinkamuzunguza mutu n'chakuti sankaluza kwambiri ayi. Akawerenga pazala, masewera owina ndi oluza ankangotsala pang'ono kufanana, monga momwe anaganizira poyamba. Tsiku lina kuwina anayi, kuluza anayi. Lina kuwina asanu, kuluza asanu ndi limodzi. Koma ndalama inkangophwa. Inatsika kufika 37, kenako 33, kenako m'ma twente. Zinali ngati chimanga cholowa anankafumbwe: thumba lili chiimire, koma ukalinyamula lapepuka. Akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtolo unkamangidwadi, kungoti sunali wa Tecla.

Lamlungu lomaliza sukulu isanatseke, iye ndi Forget anakhala pachulu mogundana misana, aliyense maso pafoni yake. Mwadzidzidzi Tecla anakuwa.

"Chachitatu chalowa! Ndawina!"

"Aaa, ndadyiwa!" anatero Forget nthawi yomweyo, akumenya ntchafu. "Goli wa kupi ameneyu, manja ngati sefa!"

Anatembenukirana. Anali masewera amodzi omwewo. Tecla anaika madola asanu kuti zigoli zikwana zitatu, Forget anaika asanu kuti sizikwana, wina osadziwa za mnzake.

"Saka wadya mari yanga, sisi," anatero Forget akuseka mowawidwa. "Teni dhora yonse. Undigulireko bhanzi."

Tecla anayang'ana pafoni. "Sanandipatse teni. Andipatsa naini ndi masenti 25."

"Ndi momwemo, maodzi ake ndi amenewo."

"Dikirani, mukoma. Ine ndaika faifi, inu mwaika faifi. Yonse teni. Ine ndalandira naini twente-faifi, inu simunalandire kanthu. Masenti 75 apita kuti?"

Forget anayang'ananso pafoni yake, akuwerenga pazala.

"Tikanapatsa mwana aliyense wa pakomboni pano kuti atisungire," anapitiriza Tecla, "wowina akanatenga teni yonse. Nanga mukanawina inuyo?"

"Naini twente-faifi yomweyo."

"Ndiye kuti masenti 75 aja sadikira mpira. Chigoli chilowe, chisalowe, iwo apita kale."

Anathyola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi louma lija. Anakumbukira zomwe aphunzitsi a masamu anawaphunzitsa ndi khobidi: mwayi wa mbali iyi ndi 50 pa 100, wa mbali inayo 50 pa 100, ndipo ukaphatikiza zonse zimene zingachitike uyenera kupeza 100 ndendende. Pa mwayi wa theka, mtengo wachilungamo ukanakhala 2, kuika dola n'kulandira awiri. Choncho kuti udziwe mwayi umene mtengo ukunena, umagawa 100 ndi mtengowo. Anagawa 100 ndi 1.85, napeza 54. Mbali inayonso 54. Ataphatikiza, panatuluka 108.

"Handiredi ndi eyiti," ananong'ona. "Mpira umodzi sungakhale ndi mwayi woposa handiredi. Eyiti wapamwambayu ndi wa eni tsambali."

"Ndiye tisamuke," anatero Forget msangamsanga. "Pali tsamba lina, maodzi ake ndi 1.90. Amenewo ndi anthu abwino."

Tecla anagawanso. Panatuluka 105.

"Awa amadya pang'ono, koma amadyabe."

"Nanga zija za kuwina, kulepherana ndi kuluza? Ona apa: 2.10, 3.20, 3.40. Mitengo yonenepa iyi!"

Kamtengo kanayendanso: 48, 31, 29. Zonse pamodzi 108. Anayesa masewera ena, ndi enanso, mpaka dothi lonse lozungulira mapazi awo linadzaza manambala. Kwina 106, kwina 110. Palibe pamene panatuluka 100. Apa m'pamene Tecla anamvetsa za chimanga chake chopepuka chija. Nthawi iliyonse akaika ndalama, kachidutswa kankabenthuka. Akaikanso zomwe wawina, kankabenthukanso. Iye ankati ndalama ikuzungulira pamalo amodzi, osadziwa kuti ikuzungulira pamphero. Pamodzi ndi zomwe anali atangowina, mu akaunti munali madola 24.

Koma posakhalitsa maso a Forget anawalanso. Munthu wozolowera juga sasowa khomo lina.

"Chabwino, wanena zoona. Kudya pang'onopang'ono ndiko kwatipha. Ndiye menya kamodzi! Tarisa timu iyi, 2.50. Ika twente-foo yonse, ikawina ndi sikisite ndendende. Loweruka uli m'kombi."

Tecla anayang'anitsitsa mtengowo. Sikisite ndendende! M'maganizo anaona mayi ake ataima pamsewu, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana kombi iliyonse yodutsa. Analemba 24 m'kabokosi koikamo ndalama, chala chili lende pamwamba pa batani lobiriwira. Ankafunitsitsa kupita kwa mayi ake, kufunitsitsa kopweteka. Koma manambala anali pansi pomwepo, olembedwa ndi dzanja lake. Anagawa 100 ndi 2.50 mumtima: 40, ndipo 40 ameneyonso anali wofufumitsidwa ndi gawo la eni tsamba.

"Mukoma, eni akewo akunena okha kuti pa maulendo khumi, asanu ndi limodzi nditsika pachulu pano chimanjamanja. Mwinanso kuposa."

"Koma anayiwo?"

"Anayiwo ndi amene anandidyera sikisitini dhora."

Anafufuta 24 uja, nabweza ndalama yonse kufoni yake, kenako anachotsa tsambalo. Forget anapukusa mutu. Anakhala akuyang'ana manambala a padothi, foni yake ili chozondoka pabondo.

Tsiku lotsekera sukulu, Tecla anapita kugalaja ya mathirakita, yunifomu ikadali m'thupi, kukauza Tiyu Luis kuti mpando aupereke kwa wina. Anawapeza akupukuta girisi m'manja. Atangomuona anamwetulira mpaka mano onse kuonekera.

"Wafika, mwana wa Luiza! Bweretsa fote yako ija, nkhani yatha."

"Tiyu, mpando si sikisite?"

"Twente ndili nayo ine. Mayi ako anagulitsa mbuzi yawo, ndalama anapatsira dalaivala wa thiraki wodzera pa Nyamapanda. Yakhala m'chikwama mwangamu mwezi wathunthu. Anandiletsa kukuuza, ati akufuna umve kuchokera pakamwa pawo. Koma akuti masiku ano foni yako sukuyankha. Yawonongeka?"

Tecla anagwira tayala la thirakita. Nkhani ija, nkhani imene mayi ake ankafuna kumuuza iye akuthamangira zigoli za anthu osawadziwa, inali imeneyi. Madola ake 40 aja anali okwana kale. Akanangowasiya agone.

"Ndili ndi twente-foo, Tiyu."

"Ina yapita kuti?"

Anawauza zonse, maso ali pansi. Tiyu Luis anavula chipewa n'kukhala pa chigubu cha mafuta. Sanakalipe.

"Mwanawe, ndikanakhala nayo ndikanakuthira. Koma inenso mpando wanga ndalipira ndi ndalama ya mbewu. Mwini kombi sadziwa chibale, amafuna yake yokwana asanalize injini. Ndipo mayi a Naomi akhala akundizungulira sabata yonse ndi sikisite m'manja, akufuna kukaona manda a bambo awo. Ndinawauza kuti adikire mpaka lero." Anapuma mozama. "Madzi akatayika saoleka."

Madzulo Forget anakhuthula matumba ake onse patebulo, ndipo munagwa dola imodzi ndi machesi. Anayenda khomo ndi khomo, koma pakati pa mwezi pakomboni palibe amene amabwereketsa. Tiya Francisca anamva nkhani yonse ali chiimire. Sanamusende khungu Tecla monga ankaopera. Anangoyang'ana mwana wawo Forget nthawi yaitali, kenako anapakula chakudya mwakachetechete, ndipo zimenezo zinawawa kuposa chikoti.

M'mawa mwake Tecla anapita kusitolo ya pafamu kuti agulire Ricardina nsapato. Wogulitsa anamufunsa saizi. Tecla anatambasula zala, anazibweza, anazitambasulanso. Sankadziwa kutalika kwa phazi la mng'ono wake. Anagula diresi lachikasu lokulirapo, kuti ngati silimukwana chaka chino lidzamukwane chaka chamawa, ndi paketi ya shuga ya agogo. Anapereka mtolowo kwa Tiyu Luis, n'kuwapempha kuti madola 20 a mbuzi aja akawabwezere mayi.

Kombi inadzaza ndi matumba, mabulangete ndi phokoso. Mayi a Naomi anakhala pawindo, pampando wachiwiri kuchokera kumbuyo. Tecla anaima pageti mpaka fumbi linatha mumsewu wa pakati pa mabulugamu.

Lamlungu anakwera pachulu yekha. Mphepo inali itafufuta manambala onse. Ulendo uno sanadikire kuimbiridwa.

"Tecla? Mwanangu, uli moyo? Luis wafika usiku, wandipatsa katundu, koma akuti zina undiuza wekha."

Tecla anawauza. Netiweki, imene nthawi zonse inkathawa pakati pa nkhani, tsiku limenelo inagwira bwinobwino, ndipo mawu aliwonse anafika. Atamaliza, ankangomva tambala akulira kutali, ku Ulongwe.

"Ndinazira chipinda chako," anatero mayi Luiza pamapeto pake, mawu ali otsika. "Ndinagulanso mphasa yatsopano."

"Pepani, mayi."

"Ndamva. Chaka chamawa kombi idzabweranso, Mulungu akalola. Koma pali munthu pano amene wakhala pamsewu kuyambira dzulo, wakana n'kuvula komwe diresi lachikasulo. Ine ndalephera kumuuza. Umuuze wekha."

Kunamveka kukhwekhwereza, kenako kupuma kwa mwana atagunditsa pakamwa pafoni.

"Mana Tecla? Achemwali?"

"Ndine, Rica."

"Kombi yabwera, inu mulibemo. Mwafika pati?"

Tecla anayang'ana mabani a fodya, madenga a komboni, ndi msewu wofiira wolowera kumpoto. Anapukuta maso ndi mkono wa juzi.

"Ndikadali kuno, Rica. Sindinanyamuke."

"Ndiye fulumirani," anatero mwanayo. "Ine ndikudikirani pamsewu."